Dripi ya kemo ikayamba kuwotcha pamkono: zoyenera kuchita mankhwala akatayikira kunja kwa mtsempha

M'chipinda cholandirira kemo, mankhwala a khansa, kuno ku Joni anthu amakhala pamipando mondondozana, aliyense dripi yake ili pamkono, ena akuodzera, ena maso ali pafoni. Masisita amakhala ochepa, odwala ambiri. Ndiye munthu wakwathu akamva kuti pomwe pali kanyula payamba kuluma, kawirikawiri amangoluma mano n'kumati mumtima, "Ndi mankhwala akugwira ntchito, ndisavutitse anthu m'dziko la eni." Kupirira kotereku n'kumene kumasiyira munthu chilonda cha miyezi. Kemo yolowa bwino mumtsempha siyenera kuwotcha pamalo obayidwa. Ikawotcha, itanani sisita pompo, ngakhale mutapezeka kuti mwaitanira zachabe.

Chimene chimachitika n'chosavuta kumva. Kanyula ndi kapaipi kofewa kapulasitiki kamene kamagona mkati mwa mtsempha, ndipo mankhwala akangotuluka kunsonga kwake magazi amawasungunula n'kupita nawo. Kapaipiko kakasuntha, kakaboola mtsempha mbali inayo, kapena mtsemphawo ukang'ambika chifukwa chofooka ndi kubayidwabayidwa, mankhwala amathera mumnofu pansi pa khungu ali ndi ukali wake wonse. Madokotala amati extravasation. Lisungeni mufoni liwu limeneli, chifukwa mukalitchula pa Charlotte Maxeke ku Parktown, pa Bara ku Soweto kapena kuchipatala cholipira, aliyense wa ku oncology, kumene amathandiza odwala khansa, amadziwa kuti nkhaniyo ndi yamwamsanga.

Dziwani dzina la mankhwala anu

Kemo si imodzi. Mankhwala ena akatayikira amangotupitsa pang'ono n'kutha okha, monga cyclophosphamide, bleomycin ndi methotrexate. Ena amapweteka ndi kutupitsa mtsempha koma sapha mnofu kawirikawiri: carboplatin, 5-FU, etoposide. Oopsa ndi amene amapha mnofu, ndipo amenewa ali m'magulu awiri amene chithandizo chake n'chotsutsana.

Gulu loyamba ndi la doxorubicin, epirubicin, daunorubicin ndi idarubicin, kuphatikizapo mitomycin ndi dactinomycin. Doxorubicin ndi ofiira aja amene amathiridwa ndi sirinji yaikulu kwa amayi a khansa ya m'bere ndi odwala lymphoma (khansa ya anabere), omwe amafiiritsanso mkodzo tsiku limodzi kapena awiri (mkodzo wofiirawo usakuopseni, ndi mtundu wa mankhwala chabe). Amenewa akalowa mumnofu amamatirira ku DNA ya maselo. Selo likafa limawalavula, selo loyandikana nalo n'kuwatola, nalonso n'kufa. N'chifukwa chake chilonda chake sichifulumira kuoneka koma chimanka chikula ndi kuzama kwa masabata, mpaka kufika paminyewa yoyendetsa zala. Tsiku loyamba pamangooneka ngati palumidwa ndi njuchi; pofika sabata yachitatu n'kutheka kupeza dzenje.

Gulu lachiwiri ndi la vincristine, vinblastine ndi vinorelbine. Awa samatirira ku DNA. Amapweteka kwambiri, amachititsa matuza, koma thupi limatha kuwachotsa akamwazikana. Paclitaxel, amene amaperekedwanso pa khansa ya Kaposi, ndi oxaliplatin wa khansa ya m'matumbo, ali pakatikati: akatayikira ambiri amatha kuwononga khungu.

Anthu ambiri amalandira mankhwala angapo tsiku limodzi. Amene ali pa kemo ya lymphoma yotchedwa CHOP amalandira doxorubicin ndi vincristine m'mawa umodzi womwewo, wina wa gulu loyamba, wina wa gulu lachiwiri. Choncho kunena kuti "ndinali pa kemo" sikokwanira. Thumba lililonse kapena sirinji iliyonse ikamabwera, funsani dzina lake, ndipo gadiyani alembe dzinalo ndi nthawi. Safunsa anadya phula.

Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga

Mabuku ambiri a zachipatala amatchula kufiira ngati chizindikiro choyamba. Pakhungu lathu kufiirako mwina sikuoneka n'komwe, makamaka pansi pa magetsi a m'wodi. Dalirani izi: kuwotcha, kubaya ngati singano kapena kulasa pomwe pali kanyula, kutupa, ngakhale kochepa ngati njere ya nyemba, khungu kukungika n'kumanyezimira, malo kuda kuposa mbali zina kapena kuoneka motuwa, kuzizira kapena kutentha mukakhudza poyerekeza ndi mkono winawo, pulasitala kunyowa, madontho a dripi kuchedwa kapena kuima. Ikani mikono iwiri pafupi muyerekeze, diso limagwira msanga kusiyana kwake.

Sisita nayenso ali ndi zake zomwe amaona: sirinji kulimba pokankha, ndi magazi kusabwerera mukapaipi akakoka. Koma magazi kubwerera si umboni wakuti zonse zili bwino, chifukwa nsonga ya kanyula itha kukhala theka mkati, theka kunja. Makina opopa dripi nawonso musawakhulupirire kuti alira. Mnofu ndi wofewa, makina amatha kupitiriza kupopera mmenemo osadandaula.

Pali zina zofanana nazo zimene si kutayikira. Doxorubicin nthawi zina amatulutsa mzere woyabwa kapena zidzolo motsatira mtsempha, popanda kutupa ndi ululu, ndipo zimazimiririka mu ola limodzi kapena awiri. Mankhwala ozizira ochokera mufiriji amatha kuchititsa mtsempha kukokana, mkono n'kumaphwanya. Kusiyanitsa zimenezi ndi ntchito ya sisita, osati yanu. Yanu ndi kunena.

Chilankhulo chisakutsekeni pakamwa. "Sister, it is burning" ndi zokwanira. Pachizulu "kuyashisa" ndi kuwotcha, "kubuhlungu" ndi kupweteka. Mawu akasowa, kwezani dzanja linalo n'kuloza pakanyula. Agogo amene abwera kuchokera kumudzi kudzalandira chithandizo kuno ku Joni, mwana wamng'ono, munthu wa shuga kapena wa dzanzi m'manja, ndi amene wapatsidwa mankhwala ogonetsa asanayambe kemo, onsewa satha kudandaula pa nthawi yake. Gadiyani akaloledwa kukhala pambali, ntchito yake ikhale kuyang'ana pamkonopo, osati pa WhatsApp.

Mphindi zoyambirira

Choyamba ndi kuimitsa dripi kapena kusiya kukankha sirinji. Chachiwiri, chimene ambiri amalakwitsa chifukwa cha mantha: kanyula asazulidwe. Paipi ya dripi imachotsedwa, koma kanyula imatsala, chifukwa ndiyo njira yokhayo yofikira pomwe mankhwala adikha. Sisita amalumikiza sirinji yopanda kanthu ya 10 ml n'kukoka pang'onopang'ono. Nthawi zambiri zimatuluka zochepa, mwina mamililita 3 kapena 5, mwinanso osatuluka kanthu, koma dontho lililonse lotuluka ndi mnofu wopulumuka. Asathiremo madzi otsukira mumzere umenewo, ndipo pasapezeke wofinya kapena kusisita malowo, chifukwa zonsezi zimakankhira mankhwala kumnofu umene unali usanakhudzidwe.

Akatha kukoka ndi pomwe kanyula imachotsedwa. Kenako malire a chotupacho amazunguliridwa ndi cholembera chosafufutika, amayezedwa mulitali ndi mulifupi, n'kujambulidwa. Inunso jambulani ndi foni yanu, ndalama ya R5 ili pambali pa chotupa kuti kukula kwake kuzioneka. Mkono umakwezedwa pamtsamiro, dokotala amaitanidwa, mankhwala ochepetsa ululu amaperekedwa. Kemo yotsala ikayenera kupitirira, imalowera mkono winawo.

Musanachoke, pemphani kuti akulembereni pakhadi kapena papepala: dzina la mankhwala amene atayikira, nthawi yake, kuchuluka kwake mongoyerekeza, zimene achita, tsiku lobwereranso, ndi nambala yoimbira usiku. Pepala limenelo ndi limene lidzakuyankhulireni ku casualty Loweruka usiku pamene chipinda cha kemo chili chotseka.

Kuziziritsa kapena kufunditsa

Apa m'pamene chikondi cha abale chimatha kuwononga zinthu. Kwathu chotupa timachithowa ndi madzi otentha. Pa doxorubicin ndi anzake a gulu loyamba, kuthowa ndi kuthira mafuta pamoto: kutentha kumatsegula timitsempha, mankhwala n'kufalikira kumaselo ena. Awa amafuna kuzizira, kuti akhale pamalo amodzi. Kulungani ayezi kapena paketi ya ndiwo zouma ndi chisanu m'pepala lapulasitiki, kenako m'kathaulo kouma, muike pamalopo mphindi 20, kanayi patsiku, kwa tsiku limodzi kapena awiri. Ayezi asakhudze khungu mwachindunji, ndipo khungu lisanyowe. Musagone naye usiku wonse, chisanu nachonso chimapsereza. Ngati kwanuko magetsi amazimazima, uzirani anzanu a firiji yodalirika akusungireni mabotolo awiri a madzi oundana.

Pa vincristine, vinblastine ndi vinorelbine zimatembenuka. Kuzizira kumakulitsa chilonda. Pamafunika kufunda kouma: botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'thaulo, mphindi 20, kanayi patsiku, tsiku limodzi kapena awiri. Ofunda, osati owira. Yesani kaye pamkono wabwinowo. Ngati simungapirire mphindi yathunthu, atentha kwambiri. Oxaliplatin nayenso safuna kuzizira, chifukwa chisanu chimadzutsa dzanzi ndi kulasa kumene mankhwalawa amabweretsa kale. Pa paclitaxel ndi docetaxel zipatala zimasiyana, zina zimafunditsa, zina zimaziziritsa, ndiye tsatirani zimene akulemberani.

Mwaiwala kuti anati chiyani? Musaike chilichonse mpaka mutaimba foni. Kusaika kanthu kwa ola limodzi n'kwabwino kuposa kuika cholakwika.

Mankhwala opha ukali wa otayikirawo

Pa doxorubicin, epirubicin, daunorubicin ndi idarubicin pali dexrazoxane, amene anavomerezedwa kugwira ntchito imeneyi ku Ulaya mu 2006. Amalowa kudzera padripi kumkono winawo kwa ola limodzi kapena awiri, masiku 3 otsatizana: 1000 mg pa sikweya mita iliyonse ya thupi tsiku loyamba, chimodzimodzi tsiku lachiwiri, 500 mg tsiku lachitatu. Munthu amene thupi lake lawerengedwa 1.6 alandira 1600 mg, 1600 mg, kenako 800 mg. Mlingo sudutsa 2000 mg masiku awiri oyamba ndi 1000 mg tsiku lomaliza, ndipo wa impso zofooka amalandira theka. Ayezi amachotsedwa mphindi 15 asanayambe, kuti magazi athe kufikitsa mankhwalawo pamalo ovulala.

Nkhani yaikulu ndi nthawi. Mlingo woyamba uyenera kuyamba maola 6 asanathe. Zikachitika 10 koloko m'mawa, khomo limatsekeka 4 koloko madzulo. Munthu amene wabisa ululu, n'kukaima pamzere wa taxi pa Bree kapena pa Noord, n'kukafika ku Diepsloot dzuwa likulowa, n'kumati tiona mawa, wataya mwayi umenewo. Pakadafunda padajiwitsa. Mukazindikira muli kale kunyumba kuti pamene panali kanyula pakutupa ndi kuwotcha, bwererani tsiku lomwelo.

Dexrazoxane ndi wodula ndipo si chipatala chilichonse chimene chimamusunga. Akasowa, ambiri amagwiritsa ntchito DMSO, madzi oyera opaka pakhungu, amenenso amathandiza pa mitomycin. Amadonthezedwa madontho 4 pamalo aliwonse a masentimita pafupifupi 3 mulitali ndi 3 mulifupi, kukuta dera lalikulu kawiri kuposa chotupacho, maola 8 aliwonse kwa masiku 7. Amasiyidwa kuti aume okha, osamanga bandeji, chifukwa akaphimbidwa amatulutsa matuza. Wopakayo avale magolovesi. Mpweya wa wodwala umanunkha ngati adyo, si vuto. DMSO saphatikizidwa ndi dexrazoxane, ndipo sapakidwa pa doxorubicin wa mtundu wa liposomal, wokutidwa m'timadontho ta mafuta. Pa zifukwa ziwiri zimenezi, musakagule nokha n'kumadzipaka.

Pa gulu la vincristine pali hyaluronidase, jakisoni wosungunula ulimbo umene umagwirizanitsa maselo, kuti mankhwala amwazike n'kutengedwa ndi magazi. Amabayidwa pansi pa khungu mozungulira chotupa, kawirikawiri malo 5, singano yatsopano pamalo aliwonse, ndipo amagwira bwino mu ola loyamba. Kubaya steroid pamalopo, kumene kunkachitika kale, malangizo a 2012 a ESMO ndi EONS, mabungwe a madokotala ndi manesi a khansa ku Ulaya, sakulimbikitsa.

Kunyumba, masabata otsatira

Masiku awiri oyamba mkono uzikhala pamwamba, pamtsamiro mukagona, osalendewera. Pambuyo pake muzigwiritsa ntchito mopepuka, kufumbata ndi kutambasula zala kangapo patsiku kuti zisaume. Chotsani wotchi, mphete ndi zibangili. Malaya akhale otaya manja. Malowo asapse ndi dzuwa, asaviikidwe m'madzi otentha, ndipo posamba muzingowasambitsa mofatsa n'kuumitsa mogunditsa thaulo, osakhula.

Osapaka Vaseline, Zam-Buk, Vicks, mankhwala otsukira mano, aloe kapena zitsamba. Osatema mphini. Matuza akatuluka osaboola. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni kemo, asilikali a m'thupi amakhala atatsika kwambiri, ndipo kabala kakang'ono kotsegulidwa ndi lezala kangalowetse tizilombo m'magazi. Ululu ukavuta, Panado ndiye woyamba: mapiritsi awiri a 500 mg, osapitirira kanayi patsiku kwa munthu wamkulu, koma yezani kaye kutentha kwa thupi musanamwe, chifukwa amabisa kutenthako. Grand-Pa, Disprin ndi ibuprofen zisiyeni pokhapokha dokotala atalola. Grand-Pa ndi Disprin muli aspirin, ndipo kemo imatsitsa kale tizigawo ta magazi tothandiza kuti bala lisiye kukha.

Jambulani tsiku lililonse nthawi yofanana, pafupi ndi zenera, R5 ija ili pambali. Mzere wa cholembera uja ukayamba kufufutika, ubwerezeni pomwepo. Chipatala chimayenera kuona malowo tsiku lililonse kapena pakapita masiku awiri m'sabata yoyamba, kenako kamodzi pasabata mpaka patapola. Ndalama ya taxi ikavuta, nenani poyera, mufunse ngati mungamatumize zithunzi masiku ena. Kungosowa osanena n'kumene kumaononga.

Bwererani osadikira tsiku lanu mukaona kutupa kwadutsa mzere, matuza, khungu layera, lauma ngati chikopa kapena lada bii pakati, mafinya kapena fungo, dzanzi m'zala, kulephera kupinda dzanja, kapena ululu wokulirakulira. Kutentha thupi kufika 38 ndi nkhani ya usiku womwewo: pitani ku casualty, kapena imbani 112 pafoni ya m'manja kapena 10177 kuitana ambulansi. Kutha kwa ululu pomwe khungu likuda si kuchira, mwina ndi minyewa yomvera imene yafa. Mnofu ukafa, kapena ululu ukapitirira masiku 10, madokotala a opaleshoni amachotsa mbali yonse yakufayo pamodzi ndi mankhwala otsaliramo, nthawi zina n'kuikapo khungu lochotsedwa pantchafu. Zimamveka zoopsa, koma kuchotsa msanga kumapulumutsa minyewa ya zala.

Ambiri a ife kuno ntchito ndi ya manja: kuchapa ndi Jik m'nyumba za mabwana, kulima m'magadeni, kukanda simenti, kuluka tsitsi. Dzanja lovulala motere silifuna zimenezo. Pemphani kalata ya dokotala yopita nayo kwa abwana. Ulendo wa kumudzi nawonso uyambe wadikira. Basi yochoka pa Park Station imatha masiku awiri kapena kuposa isanafike ku Blantyre kapena ku Lilongwe, mukudikira pa Beitbridge dzuwa likuswa mtengo, ndipo masiku amenewo ndi omwe chilonda chimasintha. Zikakakamiza, monga maliro, nyamulani kalata yotchula mankhwala ndi tsiku, mukaonetse ku Queens kapena ku Kamuzu Central mukangofika.

A poti pachifuwa

Poti, kachipangizo koikidwa pansi pa khungu la pachifuwa kokhala ndi kapaipi kofika mumtsempha waukulu, imachepetsa vutoli koma silithetsa. Singano yake itha kusuntha, makamaka ikakhala yaifupi kapena ikakokedwa ndi lamba wa bra, chikwama kapena lamba wa m'galimoto. Kapaipi ka mkati katha kung'aluka kapena kuchoka m'malo. Zizindikiro zake ndi kutupa kapena kuwotcha mozungulira poti, kupweteka kwa phewa, khosi kapena chifuwa, bandeji kunyowa, kutsokomola kapena kubanika. Amene amapita kunyumba ndi kabotolo ka 5-FU ka maola 46 aonetsedwe pomwe pali kotsekera paipi asanatuluke m'chipatala. Zikachitika, tsekani pamenepo, singano musaizule, nyamukani.

Ulendo wotsatira, asanabaye

Imwani madzi okwanira dzulo lake ndi m'mawa. M'miyezi ya June ndi July Joni imazizira kolowa m'mafupa ndipo mitsempha imabisala, ndiye valani juzi ndi magolovesi panjira, mukafika mufunditse mkono. Pitani kuchimbudzi dripi isanayambe, chifukwa kanyula zambiri zimasuntha munthu akukoka chitsulo cha dripi kupita kukataya madzi.

Malo abwino ndi mtsempha waukulu, wowongoka, pakati pa dzanja ndi chigongono, pomwe pali mnofu wotchinga minyewa. Kuseri kwa dzanja, mkati mwa polumikizira dzanja ndi mkono, ndi popindira chigongono ndi malo opewedwa pa mankhwala opha mnofu: pamenepo minyewa ili pafupi ndi khungu, ndipo popindira chigongono kutupa kumabisika mpaka mankhwala atachuluka. Mkono wa mbali imene anachotsa bere ndi anabere a m'khwapa, kapena wotupa kale, usabayidwe. Kanyula ikhale yatsopano ya tsiku lomwelo, yapulasitiki, osati kasingano kachitsulo kamapiko kotengera magazi. Akalephera koyamba, kubaya kwachiwiri kukhale kumtunda kwa bala loyambalo kapena mkono wina, chifukwa akabaya kumunsi mankhwala amadzatulukira pabowo lija podutsa. Pa chifukwa chomwecho, ngati m'mawa anakutengani magazi pachigongono, muuzeni sisita ndi mkono uti.

Pulasitala ikhale yoonekera mkati, ndipo musaphimbe mkonowo ndi bulangete kapena chitenje. Sisita wodziwa ntchito amayamba ndi madzi amchere a 10 ml, amaona magazi akubwerera, amakankha ofiira aja pang'onopang'ono akukokanso pakatha mamililita 2 mpaka 5 alionse, n'kutsukira mzere pomaliza. Akamakufunsani kuti mukumva bwanji, yankhani zoona, osati "ndili bwino" waulemu uja.

Amene zinakuchitikiranipo, nenani ulendo uliwonse musanabayidwe, ngakhale zili mufayilo. Malo akale amatha kutupanso ndi kuwotcha mankhwala omwewo akalowa kudzera mkono wina, ndipo sisita ayenera kudziwa kuti asasokoneze zimenezo ndi kutayikira kwatsopano. Mitsempha ikakhala kuti yatha, akumakubayani katatu kanayi ulendo uliwonse pomwe maulendo a doxorubicin akadalipo angapo, funsani dokotala za poti kapena PICC, kapaipi katali kolowera pamkono kukafika mumtsempha waukulu, tsiku la kemo lisanafike, chifukwa kuika poti kumafuna tsiku lakelake ndiponso magazi amene abwerera mwakale.